Ulendo wautali pa thiraki: zochita kuyambira musanalize injini mpaka potsitsa katundu

Tsiku loyamba limene ndinakwera thiraki ya maulendo ataliatali, bambo amene ankandiphunzitsa sanandipatse makiyi. Anandipatsa tochi ndi kansanza n'kunena kuti, "Mphwanga, zungulira galimotoyi, ukabwera undiuze chimene chalakwika." Ndinazungulira mothamanga, n'kubwera kudzawauza kuti zonse zili bwino. Iwo sanayankhe. Anandigwira dzanja n'kupita nane ku tayala lina la ngolo, nandiloza kamzere ka dzimbiri kamene kanatsika kuchokera pa nati imodzi ngati msozi. Natiyo inali itamasuka, ndipo manati awiri oyandikana nayo anali atayamba kale kutsatira. Tikananyamuka choncho, tayalalo likanatisiya panjira, ndipo tayala la thiraki likathothoka pa liwiro silisankha poti likagwere.

Kugwira chiwongolero ndi kusintha magiya munthu amaphunzira m'miyezi yochepa. Chimene chimatenga zaka ndi kudziwa nthawi yoima: kuima kuti uone, kuima kuti umange, kuima kuti ugone. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo, ndipo ndawalemba motsatira mmene ulendo umayendera.

Choyamba: dzulo lake la ulendo

Sonkhanitsani mapepala onse m'chikwama chimodzi chosalowa madzi: laisensi yanu, pasipoti ngati mukuwoloka malire, mapepala a hosi (mutu wa thiraki umene umakoka ngolo), a ngolo, a inshulansi ndi a katundu. Onani masiku amene chilichonse chikuthera mphamvu. Jambulani pepala lililonse pa foni. Kenako khalani pansi ndi njira yanu, mudziwiretu pamene pali zitsikiro zazitali, milatho yofupika kapena yosalola katundu wolemera, malo othirira mafuta, ndi malo amene mukagone. Dziwani kutalika kwa galimoto yanu kuchokera pansi kufika pamwamba pa katundu, mulembe papepala n'kumata pamene maso anu azionapo. Pulogalamu ya mapu ya pa foni wamba inapangidwira magalimoto ang'onoang'ono, ndiye ikhoza kukulowetsani m'kanjira koti simungathe kutembenukamo. Ngati njirayo ndi yachilendo, funsani amene anaidutsapo posachedwa. Safunsa anadya phula.

Zida zosasiya: tochi, magolovesi, jekete yowala, zikwangwani zamakona atatu zochenjezera, chozimira moto, mphanda zotsekera matayala, geji yoyezera mpweya wa m'matayala, masipanala, mafyuzi, madzi akumwa okwanira ndi kabokosi ka mankhwala. Mukatero, kagoneni msanga.

Chachiwiri: zungulirani galimoto musanalize injini

Muziyambira pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, n'kumazungulira mbali imodzimodzi. Thupi likazolowera ndondomekoyo, diso limayamba kugwira lokha chinthu chimene chasintha.

Yambani ndi kusuzumira pansi. Dontho lililonse lili ndi nkhani yake: lakuda ndi oyilo, lonunkha dizilo ndi mafuta, lamtundu wobiriwira kapena wofiirira nthawi zambiri ndi madzi oziziritsa injini. Onani mlingo wa oyilo ndi wa madzi injini ikadali yozizira, onani malamba a injini ngati sanang'aluke.

Kenako matayala, limodzilimodzi. Mpweya umayezedwa tayala lili lozizira, chifukwa likatentha geji imawerenga mokwera n'kukunamizani. Kumenya tayala ndi chitsulo kumangokuuzani ngati laphweratu. Tayala limene lachepa mpweya pang'ono limalira pafupifupi ngati labwino, choncho geji ndiye mboni yeniyeni. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri poyenda, limatentha mkati, ndipo ndi lomwe limadzaphulika masana dzuwa lili paliwombo. Lowetsani dzanja pakati pa matayala ophatikizana, muchotse miyala imene yakanirira. Onani m'mbali ngati muli chotupa kapena pong'ambika. Matayala akutsogolo muwaonetsetse kawiri, popeza limodzi mwa amenewa likaphulika chiwongolero chimafuna kukulandani m'manja.

Pa manati, fufuzani zimene ndinaphunzira tsiku lija: mzere wa dzimbiri, chitsulo chonyezimira ngati chapalidwa, kapena utoto wosweka mozungulira nati. Ngati tayala lasinthidwa kumene, manati ake ayenera kumangidwanso mutayenda makilomita pakati pa 50 ndi 100, chifukwa zitsulo zimakhazikika m'malo mwake n'kusiya kampata. Ambiri amaiwala zimenezi chifukwa amakhala atachedwa kale ndi kusintha tayalako.

Malizani ndi magetsi onse, magalasi, mawayipa ndi nambala puleti. Pukutani magetsi akumbuyo ndi zonyezimira za m'mbali mwa ngolo. Munthu amene akubwera kumbuyo kwanu usiku alibe china chomuuza kuti kutsogolo kuli chitsulo cha matani ambirimbiri.

Chachitatu: hosi, ngolo ndi mpweya

Ngolo yonse ndi katundu wake zimakokedwa ndi kachitsulo kamodzi kotchedwa kingpin, kamene pa ngolo zambiri n'konenepa mamilimita 50 okha. Kachitsuloka kamalowa m'kamwa mwa fifth wheel, mbale yaikulu ija ya pa hosi. Mukalumikiza, musakhutire ndi phokoso loti "kwa!" Tsikani ndi tochi, musuzumire. Pakati pa mbale ndi ngolo pasakhale mpata wolowa kuwala, zibwano zikhale zitagwira pakhosi pa kingpin, ndipo chogwirira chikhale chitabwerera pamalo pake n'kukhomedwa. Ndiyeno kwerani, mabuleki a ngolo ali omanga, ikani giya yotsika, mukoke pang'ono. Ngolo ikakana kusuntha ndipo hosi ikakanika kuchoka, mwagwirana. Kwezani miyendo ya ngolo mpaka pamapeto. Mukaima pamalo aliwonse n'kuisiya galimoto osaiona, onaninso chogwiriracho musananyamuke.

Mabuleki a thiraki amayendera mpweya, ndipo mpweyawo muyenera kuumvetsera ngati mmene mayi amamvetserera kupuma kwa mwana. Lizani injini mpaka matanki adzaze, muzimitse, mutseke matayala ndi mphanda, mumasule hanibuleki, kenako mupondereze buleki kwa mphindi imodzi yathunthu mukuyang'ana geji. Muyezo umene amaphunzitsa madalaivala ku United States ndi wakuti hosi yokoka ngolo imodzi isataye mpweya woposa 4 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya pa geji) pa mphindi imeneyo. Ikapitirira, pali pamene pakutuluka mpweya, ndipo kawirikawiri khutu limapeza pa mapaipi olumikiza hosi ndi ngolo. Kenako pondani ndi kusiya buleki mobwerezabwereza kuti mpweya utsike: nyali kapena belu lochenjeza liyenera kulira mpweya usanatsike kupyola 60 psi, omwe ndi pafupifupi 4 bar, ndipo ukatsikabe mabuleki a masipuling'i ayenera kudzimanga okha. Manambala enieni amasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, choncho onani buku la thiraki yanu.

Tsegulani timavavu ta pansi pa matanki a mpweya kuti madzi atuluke. Madzi akamatuluka ambiri, kapena osakanikirana ndi oyilo, auzeni amakaniko musanachoke.

Chachinayi: katundu

Wopakira ndi wina, koma mukangotuluka pageti katunduyo ndi wanu. Wapolisi, wapasikelo ngakhale mwini katundu adzafunsa inu. Choncho imani pomwepo pamene akupakira. Werengani, onani ngati chilipo chophwanyika kale, ndipo chilembedwe papepala musanasayine.

Zolemera zikhale pansi, zofalikira bwino pakati pa ma ekiselo. Galimoto ikhoza kukhala yosapitirira kulemera kovomerezeka yonse pamodzi, komabe n'kugwidwa pasikelo chifukwa ekiselo imodzi yasenza zochuluka. Katundu wounjikidwa m'mwamba ndiye amagubuduza thiraki pakona, pa liwiro limene galimoto yaing'ono imadutsa osamva kanthu.

Pomanga, ganizirani zimene zimachitika mukaponda buleki mwadzidzidzi. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 12195-1 umafuna kuti katundu atetezedwe ku mphamvu yofanana ndi magawo 8 pa 10 a kulemera kwake molowera kutsogolo, ndi theka la kulemera kwake molowera m'mbali ndi kumbuyo. Kutanthauza kuti katundu wa matani 30 angathe kukankha ndi mphamvu ya matani 24 kulunjika kumsana kwanu. Mawu oti "ameneyu ndi wolemera, sangasunthe" aphetsa anthu. Gundanitsani katundu ndi chotchinga cha kutsogolo kwa ngolo, tsekani mipata, ikani zotetezera pamene lamba akudutsa pa ngodya yakuthwa, ndipo lamba wong'ambika kapena womangidwa mfundo mutayeni.

Malamba amamasuka galimoto ikayamba kugwedezeka. Imani m'kati mwa makilomita 80 oyambirira, mukokenso onse. Pambuyo pake muziwaona pakatha maola atatu aliwonse, kapena nthawi iliyonse imene mwaima. Ngati mwanyamula zamadzimadzi m'thanki yosadzaza, kumbukirani kuti mukaima, madziwo amakhala akubwerabe, ndipo amakukankhani kutsogolo patapita kanthawi pang'ono.

Chachisanu: pamsewu

Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, thiraki imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Mabuleki a mpweya amachedwa pafupifupi theka la sekondi asanagwire, ndiye mamita pafupifupi 11 amapita phazi lili kale pabuleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuithetsa imawirikiza kanayi. Chifukwa chake mpata wa kutsogolo ndi chuma chanu chachikulu. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: sekondi imodzi pa mamita atatu aliwonse a kutalika kwa galimoto yanu, n'kuwonjezapo imodzi ngati mukuthamanga kupitirira makilomita 65 pa ola. Pa liwiro loposa limeneli, thiraki ya mamita 18 ifunika masekondi 7. Galimoto ya kutsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, yambani kuwerenga mpaka inu mufikepo. Kukagwa mvula, onjezerani. Magalimoto ang'onoang'ono azilowa mumpata umenewu tsiku lonse, ndipo zimapweteka mtima. Bwererani m'mbuyo pang'ono, muupangenso.

Maso azizungulira: kutali kutsogolo, galasi ili, geji, galasi linalo. Malo amene simuona ndi aakulu, makamaka mbali ya pasenjala, pansi penipeni pa mphuno ya hosi ndi kumbuyo kwa ngolo. Wanjinga kapena woyenda pansi amene munamuona masekondi asanu apitawo, ngati sakuonekanso, muganize kuti ali m'malo amenewo. Pokhota, matayala a ngolo amadula kona m'kati mwa pamene hosi yadutsa, choncho lowani mochedwerapo ndi mofatsa, diso lili pagalasi la mbali yomwe mukukhotera. Chepetsani liwiro musanalowe pakona. Buleki ya pakati pa kona ndi imene imapinda hosi ndi ngolo ngati mpeni wa m'thumba.

Chachisanu ndi chimodzi: chitsikiro

Apa ndichedwapo, chifukwa phiri silikhululuka.

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawaponda mosalekeza pa chitsikiro chachitali, zitsulo zake zimatentha, madiramu amakula n'kutalikirana ndi mapadi, mapadiwo amaleka kugwira bwino. Phazi limapondabe, geji ya mpweya ikuonetsa bwinobwino, koma galimoto ikungopita. Chizindikiro choyamba ndi fungo la chinthu chopserera, chachiwiri ndi kufunika kuponda mwamphamvu kuposa poyamba kuti mupeze zomwezo. Utsi ukamaoneka pagalasi, nthawi yatha kale.

M'chaka cha 1931, Clessie Cummins, amene dzina lake lili pa injini zambiri za dizilo, ankayendetsa thiraki kuchokera ku New York kupita ku Los Angeles. Potsika Cajon Pass ku California mabuleki anatentha n'kuleka kugwira, ndipo anangotsala pang'ono kuwombana ndi sitima ya pamtunda imene inkadutsa kumunsi. Mantha a tsiku limenelo anakhala nawo zaka zambiri, mpaka anapanga buleki ya injini imene kampani ya Jacobs inayamba kugulitsa mu 1961. N'chifukwa chake ambiri amaitcha Jake brake. Mathiraki a masiku ano ali ndi buleki ya injini, buleki ya ku ekizozi kapena retarder, ndipo zonsezi zinabwera kuti mabuleki a phazi asungike ozizira kudikira nthawi ya ngozi.

Ndondomeko yake ndi iyi. Musanayambe kutsika, chepetsani liwiro mukadali pamwamba. Ngati pali malo oimapo kuti muone mabuleki, imani. Sankhani giya yotsika pomwepo. Akale ankati tsika ndi giya imene unakwerera, koma injini za lero zili ndi mphamvu zokwera phiri pa giya yapamwamba, choncho potsika tengani yotsikirapo kuposa imeneyo. Giya yoyenera ndi imene buleki ya injini ikugwira galimoto pafupifupi yokha. Liwiro likakwera kufika pamalire amene mwadziikira, pondani buleki molimba kwa masekondi atatu kuti litsike ndi makilomita 8 pa ola, kenako chotsani phazi lonse kuti zitsulo zipume. Likakweranso, bwerezani. Mukaona kuti mukuponda pafupipafupi, giya yanu ndi yapamwamba. Chepetsani liwiro kwambiri mabuleki akadali ndi mphamvu, kenako mutsitse giya.

Musayese kusintha giya galimoto itathamanga kale pakati pa chitsikiro. Ikatuluka n'kukana kulowa ina, mwatsala pa nyutulo ndi katundu yense kumsana. Ndipo kutsika phiri pa nyutulo pofuna kusunga mafuta, chonde, musayerekeze ngakhale kamodzi. Mafuta amene mungasunge sangadzaze ndowa.

Msewu ukakhala woterera, makamaka ngolo ili yopanda katundu, buleki ya injini ikhoza kutsetsereketsa matayala a hosi, chifukwa imagwira matayala okoka okha. Pamenepo ichepetseni mphamvu kapena muizimitse, n'kutsika pang'onopang'ono kwambiri. Ngati mabuleki akana ndipo pali kanjira ka mchenga kapena miyala kopulumukirako, lowanimo osaganiza kawiri. Galimoto adzaikoka.

Mukafika pansi mabuleki atatentha, imani pamalo athyathyathya, tsekani matayala ndi mphanda, muwasiye azizire okha. Musawathire madzi, diramu imang'aluka. Muzikhala chapatali ndi tayala lotentha kwambiri, ndipo chozimira moto chikhale m'manja.

Chachisanu ndi chiwiri: tulo

Ndinadutsapo mudzi wina usiku, n'kuzindikira patsogolo kuti sindikukumbukira mmene ndinadutsira makilomita angapo. Maso anali otsegula, manja ali pachiwongolero, koma ine kunalibe. Chimene chinandidzutsa ndi miyala ya m'mphepete mwa msewu ikulira pansi pa tayala. Ndinaima, miyendo ikunjenjemera, ndipo usiku umenewo sindinayendenso.

Tulo ta pamsewu sitigogoda. Timabwera ngati kuphethira kwa masekondi atatu kapena anayi, ndipo pa makilomita 80 pa ola masekondi anayi ndi mamita pafupifupi 90 opanda woyendetsa. Kafukufuku amene anachitika ku Australia n'kufalitsidwa mu 1997 anasonyeza kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Dalaivala amene sangalawe mowa ali pantchito amayendetsa ataledzera ndi kutopa, iye osadziwa. Nthawi zoopsa kwambiri ndi pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko m'bandakucha, komanso masana dzuwa litangopendeka, pamene thupi limafuna kugona mwachibadwa.

Mayiko ambiri anaika malamulo pa nkhaniyi. Ku European Union, lamulo la 561/2006 limati dalaivala ayendetse maola 9 patsiku, ndipo angafike 10 kawiri kokha pa sabata; akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45; pa tsiku apume maola 11; pa sabata asapitirire maola 56. Ku United States malire ndi maola 11 oyendetsa, pambuyo popuma maola 10 otsatizana. Dziwani lamulo la dziko limene mukudutsa. Kumene lamulo silitsatidwa kwenikweni, manambalawa atengeni kukhala anu, chifukwa thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse.

Zizindikiro zake mukuzidziwa: kuyasamula kosalekeza, zikope kulemera, mutu kugwa, kuphonya chikwangwani, liwiro kukwera ndi kutsika popanda chifukwa. Mukaona chimodzi, funani poima pabwino. Kutsegula windo, kukweza wailesi, kudzitsina kapena kusamba kumaso zimagwira ntchito mphindi zochepa chabe, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti zimakupatsani chikhulupiriro chabodza. Ngati mukufunika kufika pamalo otetezeka amene ali chapafupi, imwani khofi, mugone mphindi 15 kapena 20. Khofiyo amayamba kugwira ntchito pamene mukudzuka. Imeneyi ndi njira yongofikira pogona. Mankhwala a tulo ndi tulo basi. Mapiritsi ochotsa tulo asiyeni, amabisa kutopa mpaka thupi limadzazima lokha mosachenjeza. Onaninso mankhwala a chimfine amene mwagula, ambiri amagonetsa.

Tsono vuto lenileni ndi foni. Imalira, bwana akufunsa kuti muli pati, kasitomala akudikira, ndipo nthawi zina malipiro anu amawerengedwa pa maulendo. Ndikudziwa mmene zimavutira kunena kuti "ndaima" kwa munthu amene akudyetsa ana anu. Chimene chimathandiza ndi kulankhula msanga. Mukangoona kuti nthawi siikwana, imbani masana pomwepo, nenani pamene muli, chimene chakuchedwetsani ndi nthawi yeniyeni imene mungafike, ndipo tumizaninso uthenga wolemba kuti pakhale umboni. "Bwana, ndayenda maola khumi, ndigona pano, ndinyamuka 5 koloko, ndifika masana." Mawu amenewa amalandirika bwino kusiyana ndi foni ya pakati pa usiku. Tsiku limodzi siliwoletsa mbewa. Bwana amene tsiku ndi tsiku amafuna kuti muyende osagona, yambani kufuna ntchito kwina mukadali ndi manja ndi miyendo.

Ngati anzanu amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, ndipo mumadzuka wotopa ngakhale mwagona mokwanira, kaonaneni ndi dokotala. Pali matenda obanika kutulo amene amagwira madalaivala ambiri, ndipo ali ndi chithandizo.

Chachisanu ndi chitatu: malire, sikelo ndi kudikira

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kudikira. Pamalire mukhoza kukhala maola kapena masiku, pa mzere umene ukusuntha utali wa thiraki imodzi pa ola. Konzekerani madzi, chakudya ndi ndalama zapadera. Mapepala perekani kwa munthu yekhayo amene mukudziwa udindo wake, ndipo chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti. Onani kuti chidindo cha pa chitseko cha ngolo chili bwino ndipo nambala yake ikufanana ndi ya papepala. Musanyamulire munthu phukusi limene simukudziwa za m'kati mwake, ngakhale akhale mnzanu. Ndi ogwira ntchito pamenepo lankhulani mwaulemu ngakhale mtima ukuwira, popeza mudzadutsanso pomwepo sabata ya mawa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Pogona sankhani malo owala, pamene pali mathiraki ena. Khomani zitseko, thanki ya mafuta ndi bokosi la mabatire. Musauze anthu osawadziwa zimene mwanyamula kapena kumene mukupita. Ndipo musayatse moto wa makala kapena wa gasi m'kabini mawindo ali otseka. Mpweya wake woipa sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso.

Chachisanu ndi chinayi: ikawonongeka panjira

Tulukani mumsewu mmene mungathere, yatsani mahazadi, valani jekete yowala, ikani zikwangwani zochenjezera patali ndithu, makamaka ngati muli pakona kapena kuseri kwa chitunda. Tsekani matayala. Musalowe pansi pa galimoto imene yangotsamira pa jeki, ndipo musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha. Tayala la kutsogolo likaphulika mukuyenda, gwirani chiwongolero ndi manja onse, musathamangire buleki, iwongoleni galimoto mpaka liwiro litsike lokha. Mukamachoka, chotsani mwala kapena nthambi iliyonse imene munaika pamsewu. Wanjinga yamoto wa usiku saiona.

Chakhumi: thupi lanu ndi a kunyumba

Mpando wa thiraki umadya munthu mwakachetechete. Msana, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kunenepa ndi matenda amene ndaona akutsitsa madalaivala abwino zaka zawo zisanakwane. Nthawi iliyonse imene mwaima, yendani mozungulira galimoto kawiri kapena katatu; mwaona matayala, mwawongolanso miyendo. Imwani madzi, musamadzimane poopa kuima. Chakudya chamafuta ambiri masana chimaitana tulo, ndiye idyani pang'ono pang'ono. Chikwama cha ndalama chichoke m'thumba la kumbuyo mukakhala pansi. Pokwera ndi potsika, yang'anani kugalimoto, manja awiri ndi phazi limodzi kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi zikhale zitagwira nthawi zonse. Kudumpha kuchokera pamwamba kumawononga mawondo pang'onopang'ono. Kayezetseni magazi, shuga ndi maso chaka chilichonse, ndipo ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, nyamulani opitirira masiku a ulendo, chifukwa simudziwa kuti pamalire mukhalapo nthawi yaitali bwanji.

Kusungulumwa nakonso n'koona, ndipo sindikubisirani. Masabata kutali ndi kwanu, ndalama m'thumba, usiku wautali. Dzitetezeni, muteteze ndi amene akukudikirani kunyumba: makondomu akhalepo, yezetsani HIV pafupipafupi, ndipo ngati chachitika chinthu chokuikani pachiswe, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Imbani kunyumba tsiku lililonse pa nthawi yodziwika, galimoto itaima. Funsani za sukulu ya ana, za denga lodontha, za zing'onozing'ono, kuti pobwerera musakafike ngati mlendo m'nyumba mwanu. Gwirizanani za ndalama musananyamuke.

Pofika

Ngozi zambiri zazing'ono zimachitika pano, ulendo utatha, mtima uli kale kunyumba. Musanabwerere m'mbuyo, tsikani mukaone malowo ndi maso anu: pansi, m'mbali ndi m'mwamba momwe muli mawaya ndi madenga. Ngati n'kotheka bwererani mokhotera mbali yanu, kumene mukuona ngolo pawindo. Wokulozerani aime pamene mukumuona pagalasi, mugwirizane chizindikiro choimira, ndipo akangosowa pagalasi, imani. Mukakayika, tsikaninso, ngakhale kachitatu, ngakhale ena akuimba mahutala.

Pomasula malamba kapena potsegula zitseko za ngolo, imani chammbali, chifukwa katundu amene wasuntha panjira amakhala atatsamira chitseko. Werengani katundu limodzi ndi wolandira, asayine, alembe tsiku ndi nthawi, ndipo pepalalo mulijambule lisanalowe m'chikwama. Kenako lembani zonse zimene mwamva pagalimoto paulendowu: giya imene ikuvuta kulowa, tayala limene likudyeka mbali imodzi, mpweya umene ukuchedwa kudzaza m'mawa. Pepala limenelo mupatseni makaniko m'manja, ndipo kope lake musiye pampando kuti dalaivala amene adzakwere pambuyo panu alipeze.